Tayirodi endi ya pa Canter: yotchipa, yakaunjika, kapena yodulayo?

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi, loti agule mtundu uti wa tayirodi endi (mfundo ya kumapeto kwa ndodo yolumikiza matayala akutsogolo kuti azikhotera pamodzi), onse atandipeza ndili chagada pansi pa Canter yanga ya matani atatu pakhomo. Mitundu itatu yonseyi ndaimangapo ndi manja anga, ndipo umodzi unandipweteka zedi.

Ndiyambe ndi wondipwetekawo. Mvula itangoyamba chaka chatha, chiwongolero chinayamba kusewera. Ndinakweza kutsogolo ndi jeki, mwana wanga n'kumagwedeza tayala uku ndi uku, ine dzanja lili pa tayirodi endi. Yakumanzere inkagogoda. Ndalama zinali zochepa, ndiye ndinagula ziwiri zotchipa pa shopu ina m'tauni, za m'kabokosi kopanda dzina la wopanga. Wogulitsa ankati n'zofanana ndi za orijino.

Chizindikiro chinaoneka tsiku lomwelo. Kamutu kosongoka ka tayirodi endiyo kanalowa mopitirira m'bowo lake, nati n'kutsika mpaka kupyola pobowola, moti kapini kotsekera kanatsala pamwamba osagwira mano a nati. Ndinaikapo washa. Apo m'pamene ndinalakwitsa, ndikanangozibweza. Pasanathe miyezi iwiri labala yophimba mfundo inang'ambika yokha. M'misewu yathu yafumbi, labala ikang'ambika ndiye kuti matope ndi mchenga zalowa, ndipo zikasakanikirana ndi girizi zimapera kampira kachitsulo ka m'katimo usana ndi usiku. Popopera girizi panalibe, choncho panalibe njira yokankhira dothilo kunja.

Mtengo weniweni wa zinthu zimenezi ndinakaulipira kwa ogulitsa matayala. Mfundo zikakhwefuka, matayala akutsogolo amatagada galimoto ikamayenda, n'kumakwekwereza pa tala. Nditadzayendetsa chikhatho pa tayala, m'mbali mwa mkati munali ngati mano a sowo, kwina kutatha kale. Matayala awiri a saizi ya 7.50R16 amene akanandifikitsa nyengo yokolola ndinawachotsa msanga. Tayala limodzi lokha likanandigulira tayirodi endi zabwino zonse ziwiri, chenji n'kutsala. Ndipo pamenepo sindinawerengere mantha, chifukwa mfundo imeneyi ikazuka uli pa mtsetse ndi matumba a chimanga kumbuyo, tayala limalowera kwake, chiwongolero chili m'manja.

Zakaunjika, zochotsa pa magalimoto oduladula ochokera ku Japan, ndilibe nazo mangawa. Chitsulo chake n'chenicheni. Vuto n'lakuti sudziwa kuti chayenda mtunda wotani. Gwirani kamutuko ndi zala: kakamapendekeka movutikira, n'kabwino, kakamangogwa kokha, kasiyeni pomwepo. Onaninso labala ndi mazinga, poti ochotsa ambiri amangomenya ndi hamala pamutu. Imodzi yotereyi inandisunga chaka chathunthu.

Panopa ndinamanga zodulazo, za mtundu wa 555 za ku Japan, zokhala ndi popopera girizi. Mtengo wake uli pakati pa zotchipa ndi za orijino, ndipo zinakhala m'malo mwake popanda washa. Za orijino n'zabwino, koma thumba langa silinafikepo. Chenjerani chabe, makatoni onamizira aliponso, ndiye gulani kwa munthu amene mungam'bwerere.

Pogula, kumbukirani kuti tayirodi, ndodo yolumikiza matayala awiriwo, ili ndi mazinga akumanja mbali ina, akumanzere mbali inayo. Ziwiri zofanana sizingamangike.

Tsono nkhani yochuna. Ambiri amati werengani mazinga pomasula, mudzabwezere chimodzimodzi. Ine njira imeneyi ndinaisiya, chifukwa opanga osiyana amasiyananso kutalika. Ndimayeza ndi tepi kuchokera pakati pa mfundo ina kukafika pakati pa inzake ndisanamasule kanthu. Pochotsa chakalecho, menyani m'mbali mwa chitsulo chomwe kamutu kalowamo, hamala ina itatsamira kuseri, chimadumpha chokha. Pomanga, ngati bowo la kapini silikuonekera, onjezerani kumanga pang'ono, musabweze nati m'mbuyo.

Mukatsitsa jeki, imikani galimoto pamalo osalala, matayala atapopedwa mofanana. Lembani ndi choko pakati pa tayala lililonse, kutsogolo, pa msinkhu wa habu (pakati pa gudumu), muyeze mpata wake. Kankhani galimoto mpaka zolembazo zifike kumbuyo pa msinkhu womwewo, muyezenso. Kutsogolo kuchepeko pang'ono kwambiri, nkhani ya mamilimita, malinga ndi buku la galimoto yanu. Mukapotoza ndodo ija, mbali zonse ziwiri zimasuntha pamodzi. Mukatha, limbitsani makilampu, muzungulitse chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku kuti muone ngati mabauti ake sakukhula pena pake. Chiwongolero chikakhala chopendekeka galimoto ikuyenda molunjika, musakhudzenso tayirodi. Yang'anani drag link, ndodo yochokera ku bokosi la chiwongolero.

Tepi kapena makina a alignment, ochunira matayala? Pa galimoto ya ekiselo yachitsulo chimodzi ngati iyi, tepi imafika pafupi kwambiri ngati muli wodekha. Ine ndinayeza katatu, kenako ndinapitabe ku makina, ndipo anangokhudza pang'ono. Matayala akakhala atsopano ndimalipira ndithu kuti mtima ukhale pansi. Koma musapiteko king pin (chitsulo chomwe gudumu limakhoterapo) kapena ma bearing akugwedera, chifukwa zomwe achunezo zimasokonekera musanafike n'kunyumba komwe.

Zanga za 555 zadutsa dzinja limodzi labala ili yosang'ambika. Ndimazipopera girizi nthawi iliyonse ndikasintha oyilo, komanso ndikawoloka madzi akuya, mpaka yakale yakuda ija iyambe kutuluka m'mbali.