Ulendo wa Singapore Airlines wochoka ku Singapore kupita ku New York osatera panjira

Pakati pa bwalo la ndege la Changi ku Singapore ndi bwalo la John F. Kennedy ku New York pali mtunda wa makilomita 15,349, ndipo ndege ya Singapore Airlines imauluka mtunda wonsewu osatera pena paliponse, kwa maola oposa 18. Kampaniyi inayamba ulendo wotere mu 2004, wopita ku Newark, bwalo lina la ndege la pafupi ndi New York, koma inausiya mu 2013 chifukwa ndege ya Airbus A340-500, ya injini zinayi, inkamwa mafuta ambiri moti phindu silinkaoneka. Ulendo wa ku Newark unayambiranso mu 2018, ndipo wa ku John F. Kennedy unawonjezedwa mu 2020.

Ndege yomwe imagwira ntchitoyi ndi Airbus A350-900ULR, ya injini ziwiri, imene imatha kunyamula malita 165,000 a mafuta. Pofuna kuchepetsa kulemera kwake, kampaniyi inaikamo mipando 161 yokha: 67 ya Business ndi 94 ya Premium Economy. Mipando wamba yotsika mtengo mulibe, ndipo aliyense woganiza zogula tikiti ayenera kudziwiratu zimenezi.

Wokhala ku Business alibe chodandaula kwenikweni, pakuti mpando wake umayalidwa n'kusanduka bedi, ndipo akhoza kutuluka popanda kudzutsa mnzake. Nkhani ili ku Premium Economy. Mipando yake ndi yotakasukirapo ndipo ili ndi popondera, koma munthu amagonabe chokhala, komanso amene wapatsidwa mpando wapakati pa mzere wa anthu anayi amayenera kupempha njira nthawi iliyonse akafuna kuwongola miyendo. Ndi zoona kuti mpweya wa mu A350 suumitsa kukhosi ngati wa m'ndege zakale, komabe palibe ndege imene ingaletse mapazi kutupa munthu akakhala pamalo amodzi pafupifupi tsiku lathunthu, moti wanzeru amavala nsapato zokhwepa ndipo amamwa madzi pafupipafupi. Chakumapeto kwa ndegeyi kuli mipando ingapo yokhala yokhayokha pawindo, ndipo kwa ine imeneyi ndiyo yoyenera kuithamangira.

Wokwera asadabwenso akaona pa mapu kuti ndege yadzera kwina. Chiwerengero cha 15,349 ndi cha njira yachidule kwambiri, koma oyendetsa amatsata mphepo ya tsikulo, choncho nthawi zina amadzera kunyanja ya Pacific, nthawi zina ku Atlantic, ndipo mtunda weniweni umatha kukulirapo.

Kwa wamalonda amene akuthamangira msonkhano, ulendowu ndi woyenera ndalama zake. Koma amene ali ndi ana aang'ono, kapena amene msana umamuvuta, ndingamulangize kukwera ndege ina ya kampani yomweyi imene imaima ku Frankfurt m'dziko la Germany, komwe angatsike n'kuyendako pang'ono asanapitirize.