Blasting yamadzi kapena youma pa injini ya njinga yakale?

Anzanga a ma Honda akale muno mu Lusaka, blasting ndi kuyeretsa chitsulo pochipopera mchenga kapena timikanda mwamphamvu. Youma ndi mchenga ndi mpweya basi, yamadzi ndi timikanda tagalasi tosakaniza ndi madzi, pampu ndi kompresa.

Mtengo: youma ndiyotchipa, yamadzi imafuna kompresa yaikulu ndiye ndi kuzimazima kwa magetsiku mutu ukhoza kuwawa.

Fumbi: youma imadzaza yadi yonse, neba mpaka kudandaula, komanso fumbi la mchenga limawononga mapapo. Yamadzi ilibe zimenezo.

Zotsatira: youma imakanda aluminiyamu, yamadzi imasiya silinda hedi yosalala ngati yatsopano koma tsukani tinjira ta oyilo bwinobwino, timikanda totsalira timadya ma beya.

Wa felemu yadzimbiri, youma ikukwanirani. Wa ma kava a injini, yamadzi ndiye yake.