Bwemba wa pamsika ku Lilongwe: gulani wa m'makoko

Bwemba amene amadzaza mabenchi mu msika waukulu wa Lilongwe ndi ku Lizulu m'nyengo ya chilimwe amachokera kumadera otentha monga Salima, Mangochi ndi Chikwawa. Mtengo wake ndi wa banja limodzi ndi nyemba ndi msangu, ndipo dzina lake la sayansi ndi Tamarindus indica. Amagulitsidwa m'njira zitatu: wa m'makoko pamulu, wosenda woumba m'timapepala ta pulasitiki, ndi juwisi wa m'mabotolo. Pa atatuwa, wa m'makoko ndiye woyenera ndalama zanu.

Khoko limateteza mnofu ku fumbi, ntchentche ndi chinyezi. Bwemba wokhwima bwino khoko lake limaphwanyika mukalifinya ndi zala ziwiri, mkati muli mnofu wofiirira, womata, wonunkhira. Yang'anani timabowo tozungulira pakhoko. Tikakhalapo, ndiye kuti njere zafumbwa, ndipo mukaswa mupeza ufa ndi timphutsi. Wosenda uja amachepetsa ntchito, koma simuona zomwe zaumbidwa mkati mwa mpirawo: mchenga, zidutswa za makoko, nthawi zina nkhungu yoyera ngati anamangidwa asanaume. Fungo la mowa likamveka mukatsegula, musiyeni.

Ogulitsa ambiri masiku ano amatchula ma antioxidant, ndipo sakunama. Mu bwemba muli ma antioxidant otchedwa ma polyphenol, amene amathandiza kuteteza maselo a m'thupi kuti asaonongeke msanga. Chimene sanena n'chakuti ambiri mwa ma polyphenol amenewa ali m'kakhungu kofiira ka njere, zomwe timataya, ndipo mumnofu ndi ochepako. Kuwawasa kwake sikuchokera ku vitamini C, amene mu bwemba ndi wochepa poyerekeza ndi malambe, koma ku tartaric acid. Asidiyu pamodzi ndi ulusi wa mumnofu ndi amene amafewetsa m'mimba, n'chifukwa chake makolo athu ankamwetsa madzi a bwemba munthu wodzimbidwa. Pamenepo amagwiradi ntchito. Koma bwemba si mankhwala a shuga kapena BP, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu akusiya mapilisi a kuchipatala chifukwa cha mawu a pabenchi. Mnofu wake womwewo uli ndi shuga wambiri. Omwe akumwa aspirin kapena ibuprofen asamale, chifukwa bwemba amachititsa kuti mankhwalawa alowe kwambiri m'magazi.

Kakonzedwe kake ndi aka. Tengani magalamu 100 a bwemba wosenda nokha, pafupifupi dzanja limodzi lodzaza, muviike mu lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizirako mpaka kukhala ofunda. Dikirani mphindi 30, finyani ndi manja osamba mpaka njere zitatsala zokha, kenako sefani. Shuga masipuni awiri kapena atatu ndi wokwanira. Musaviike mu poto wa aluminiyamu kapena wachitsulo: asidi amadya potoyo, juwisi amada ndi kumveka chitsulo mkamwa. Chidebe cha pulasitiki kapena galasi ndiye chabwino. Mu fuliji amakhala masiku atatu. Kunja, m'kutentha kwa Okutobala, amasasa tsiku lotsatira. Madzi omwewa, oviika mothithikana, masipuni angapo amakometsa phala la mgaiwa kwa wodwala amene chakudya sichikumukoma.

Juwisi wa m'mabotolo ndi mafirizi a bwemba amakoma, koma ambiri ndi madzi ndi shuga. Werengani pabotolo: shuga akalembedwa patsogolo pa bwemba pa mndandanda wa zomwe zili mkatimo, mukugula zotsekemera chabe. Onaninso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi tsiku lothera ntchito.

Ana amakonda kumung'una bwemba tsiku lonse, ndipo asidi uja amadya mano mpaka kuyamba kuchita dzanzi. Akatha kudya achukuche mkamwa ndi madzi, koma asatsuke ndi mswachi nthawi yomweyo. Adikire mphindi 30 kuti mano alimbenso.