Maphunziro a pa intaneti osamalira odwala opwetekeka m'maganizo: zomwe zikugwirabe ntchito patapita miyezi

Mafunso a kumapeto kwa gawo lililonse ndidawaiwala kalekale, koma pali zinthu zingapo za m'maphunzirowa zomwe ndimagwiritsabe ntchito mu wodi tsiku ndi tsiku.

Gawo lolemera kwambiri ndi la chithandizo choyamba cha m'maganizo, lotengedwa m'buku lomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2011. Mfundo zake ndi zitatu: yang'ana, mvetsera, kenaka mulumikize munthuyo ndi omwe angamuthandize. Ambirife timaganiza kuti munthu amene wapulumuka pa ngozi kapena wagwiriridwa azifotokoza zonse kuti mtima upepuke. Maphunzirowa amakana zimenezo. Kumukhazika munthu pansi kuti abwereze zonse zomwe waona sikumuteteza ku PTSD (vuto la m'maganizo lokhalitsa lomwe ena amakhala nalo atakumana ndi zoopsa), ndipo WHO sililimbikitsa mchitidwewu. Akafuna kulankhula, mumvetsereni. Akakhala chete, musamukokere mawu m'kamwa. Malangizo a WHO a 2013 amatinso mankhwala a mtundu wa diazepam asaperekedwe pofuna kuchepetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu atakumana ndi zoopsa. Izi zimafunika kuzinena mwaulemu kwa adokotala, koma zimanenedwa.

Chasintha kwambiri ndi kagwiridwe kanga ka wodwala. Ndimayamba ndamuuza chomwe ndikufuna kuchita, n'kupempha chilolezo ndisanamukhudze, ngakhale pomuyeza BP pokha. Sindiima pakati pa iye ndi khomo. Uja timamutcha wovuta, wokana kuvula, wodzidzimuka chitseko chikamenyetseka, nthawi zina thupi lake limakhala likukumbukira zomwe pakamwa sipanene.

Pofooka palipo ndithu. M'mavidiyo, namwino amakhala ndi wodwala mmodzi m'chipinda cha zii, nthawi ili yambirimbiri. Usiku, mabedi onse atadzaza, zoterozo n'zakumaloto. Maphunzirowa amanenanso kuti zizindikiro zikapitirira mwezi timutumize wodwalayo kwa katswiri wa CBT kapena EMDR (njira zochizira mavuto a m'maganizo popanda mankhwala), ngati kuti katswiriyo amapezeka paliponse. Gawo la katundu amene namwino amasenza pomva nkhani zoterezi ndiye lopepera zedi: akuti tizipuma mokwanira, basi.

Amene mukufuna kuyamba, pezani mnzanu wa mu wodi yomweyo muphunzirire limodzi, wina azikhala wodwala wina namwino. Kompyuta siingakuuzeni kuti mwafunsa mothamanga kapena mwayandikira kwambiri, mnzanuyo adzakuuzani.