Tsamba la BBC la zotsatira za chisankho: ndinalitsatira usiku wonse pafoni

Ndimasamalira okalamba kufupi ndi Maidenhead ku England, ndipo pa 4 July 2024, tsiku la chisankho cha aphungu ku UK, ndinali pa shifiti ya usiku. TV tinazimitsa kuti agogo agone, ndiye chisankho chonse ndinachionera pafoni, pa tsamba la BBC.

N'losavuta kugwiritsa ntchito. Ukalemba postcode (nambala ya keyala ya kumene ukukhala), limakupatsa dera lako, amene wapambana, mavoti a aliyense ndi momwe asinthira kuchokera mu 2019. Ngakhale netiweki ya m'nyumba muja ndi yofooka, linkatseguka bwinobwino. Mapu ake ndi amene anandichotsa tulo. Madera a kumwera kwa England, abuluu wa Conservative kuyambira kalekale, ankasanduka alalanje la Liberal Democrats (Lib Dem) ine ndikuona. Maidenhead, dera lakale la nduna yaikulu yakale mayi Theresa May, inapita kwa a Liberal Democrats. Witney, dera lakale la David Cameron, nduna yaikulu inanso yakale, nayo inapita. Pomaliza kuwerenga, a Lib Dem anali ndi mipando 72, kuchoka pa 11, a Conservative n'kutsala ndi 121.

Chimene ndinalikondera kwambiri n'chakuti manambala sawabisa. Mavoti a Lib Dem m'dziko lonse anangokhala cha pa 12 peresenti, pafupifupi ngati kale. A Reform UK anapeza ochuluka kuposa pamenepo koma mipando 5 yokha. Apa umaona wekha kuti a Conservative ndi amene anagumuka: ena anathawira kwa Nigel Farage wa Reform UK, ndipo otsatira Labour m'madera ngati lathu anabwereketsa voti kwa amene akanatha kugwetsa buluu.

Zifukwa zake mapu sangakuuze. Ine ndinkazimva kwa ana a agogo akabwera kudzazonda makolo. Ngongole ya nyumba inakwera itangotuluka bajeti ya boma la Liz Truss ya 2022. Kuti uonane ndi GP, dokotala wa m'dera lako, uyambe kuimba foni 8 koloko m'mawa. Zonyansa za m'zimbudzi zikutayidwa mumtsinje wa Thames. Koma chimene chinkawapsetsa mtima zedi ndi maphwando a ku Downing Street, ku ofesi ya nduna yaikulu, nthawi ya Covid, iwo akubayibitsa amayi awo pawindo. Ed Davey, amene ankatsogolera Lib Dem pa chisankhocho, tinkamuseka atagwera m'madzi ku Windermere, koma atalankhula za kusamalira mwana wake wolumala, anzanga a kuntchito anasiya kuseka.

Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mukadzalitsatira usiku wonse, tengani chaja. Yanga ndinaiwala, foni n'kuzima cha m'ma 4 koloko.