Maphunziro a kusiyana kwa zikhalidwe kuntchito: ndemanga yanga

Mwezi watha kampani yathu inaitana mlangizi kuti atiphunzitse kwa masiku awiri mmene anthu a zikhalidwe zosiyana angagwirire ntchito limodzi, ndipo ndikuona kuti ndalama zake sizinapite pachabe. Anafotokoza momveka bwino kafukufuku wa Geert Hofstede, yemwe anafufuza maganizo a ogwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM m'mayiko ambiri pakati pa 1967 ndi 1973, makamaka pa nkhani ya mmene wantchito amaonera bwana wake. Apa m'pamene mnzathu wina, amene amangokhala chete pamisonkhano, anaulula kuti kwawo kutsutsa wamkulu pagulu n'chipongwe, pomwe ife tinkamuyesa wopanda maganizo. Chinandikhumudwitsa n'chakuti mlangiziyo anangoidutsa mothamanga nkhani yokambirana malonda, komanso nthawi zina ankalankhula ngati anthu a dziko limodzi onse amaganiza mofanana.