Msika wa La Boqueria ku Barcelona: pakhomo ndi pa alendo, ndiwo zili kumbuyo

Wofuna kuona mmene anthu a ku Barcelona, mzinda wa ku Spain, amagulira ndiwo asaime pakhomo la La Boqueria. Mabenchi oyang'ana msewu wa La Rambla adzaza makapu a juwisi, zipatso zoduladula, maswiti ndi timapepala topinda ta nyama ya nkhumba youmitsa yotchedwa jamón. Sizodabwitsa. Mlendo wodzaona malo alibe khitchini, sangagule nkhuku yosaphika kapena kilo ya anyezi, amangofuna chodya akuyenda. Wogulitsa naye amatsata ndalama, ndiye benchi lomwe linali la masamba lero likufinya malalanje.

Msikawu unayamba kumangidwa mu 1840, denga lake lachitsulo ndi la 1914. Umatsegula 8 koloko m'mawa, Lamlungu n'kotseka, ndipo siteshoni ya sitima yapansi ya Liceu ili pafupi. Fikani isanakwane 10 koloko, mudutse mabenchi akutsogolo osatulutsa chikwama. Pakati penipeni pali ogulitsa nsomba, ndipo apa msika ukadali msika. Koma Lolemba musavutike: asodzi sapita panyanja Lamlungu, choncho mabenchi ambiri a nsomba amakhala otseka. Chakumbali, pabwalo la Sant Galdric, alimi amagulitsa zakumunda kwawo. Bowa wa rovellons amatuluka cha mu Okutobala, anyezi ataliatali a calçots cha mu Januwale mpaka Malichi.

Pa jamón ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Mwendo wa nkhumba ya mtundu wa ibérico umakhala ndi kalamba kosonyeza mlingo wake. Kakuda ndi ka nkhumba ya mtundu weniweni yomwe inanenepera mtedza wamutchire wotchedwa bellota, kofiira ndi ka yosakanikira mtundu koma yodya bellota yemweyo, kobiriwira ndi ka yowetedwa panja, koyera ka yam'khola. Nyama ya m'timapepala ija simudziwa yachoka pa mwendo uti. Lozani mwendo, muone kalamba, akudulireni magalamu 100 mukuona.

Zipatso musagwire, amasankha ndi wogulitsa. Mzere sumaoneka, mumafunsa kuti womaliza ndani. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, opisa m'matumba a pa La Rambla sagona.

Khonsolo ya mzinda inayesako kuchepetsa thithithi mu 2015, poletsa magulu a alendo oposa 15 kulowa Lachisanu ndi Loweruka kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko masana. Koma vuto lenileni lili kunja kwa mpanda: nyumba zozungulira zikasanduka malo ogona alendo, ophika tsiku ndi tsiku amasamuka, wogulitsa nsomba n'kusowa kasitomala. Mu 2024 khonsoloyi inalengeza kuti ziphaso za nyumba zotere, pafupifupi 10,000, zidzatha pofika kumapeto kwa 2028.

La Boqueria ndi woyenera ola limodzi la m'mawa, basi. Wofuna kugula zophika apite ku msika wa Sant Antoni, womwe unatsegulidwanso mu 2018 atatha kuukonza. Kumeneko tinjira timapitika, ndipo ambiri ogula amabwera ndi zikwama zokoka zamatayala.